Ulendo wa ku Mulanje mu Okutobala, tenti tikwere nayo?

Wa ku Chibavi:
Abale ndigawireniko nzeru. Ine ndi anzanga atatu tagwirizana zoti mu Okutobala muno tinyamuke pa Sienta kuchoka kuno ku Mzuzu mpaka ku Mulanje, cholinga tikaponde pa Sapitwa penipeni. Tenti tagula kale ya pa kaunjika koma kulemera kwakeko eee, nde tikwere nayo kapena itsale mgalimoto? Komanso ndi dzuwa la chilimweli miyala ija siwotcha?

Mkulu wa pa Katoto:
Achimwene tentiyo itsale pansi. Mphirimo muli tinyumba togona alendo, Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi tina, paliponse pali mlonda wake ndipo nkhuni ndi madzi mukazipeza konko, inu mungonyamula ufa, usipa, shuga ndi bulangete lokhuthala chifukwa usiku kumazizira ngakhale chilimwe. Mukayambire ku Likhubula, mulembetse ku ofesi ya zankhalango nkutenga gaidi. Sapitwa ndi mamita 3,002, mukagone pa Chisepo kuti mulawirire. Ndipo ulendowo ndi wopitirira makilomita 700, musauthamange tsiku limodzi, gonani pa Lilongwe kapena pa Dedza.

Nachisale wa ku Luwinga:
Za miyalazo ndiyankhe ine poti ndinapitako nyengo ngati yomweyi. Thanthwe lake ndi lokhakhala, likauma nsapato imagwira bwinobwino koma malo ena umachita kukwawa ndi manja ndipo ikamakwana 11 koloko mwala umakhala watentha, ine zala zinasupuka khungu moti madzulo ndimalephera kutema nsima yotentha, anzanga anachita kundipatsa supuni. Nyamukani kusanache ndi mabotolo awiri amadzi aliyense. Chondiopsa kwambiri chinali potsika, nkhungu inangobwera mwadzidzidzi, thanthwe lomwe lija kuyamba kuterera ngati therere, penti yofiira yolozera njira ija osaonekanso. Gaidi wathu anatikhazika pansi pa chimwala mpaka kunayera. Akakuuzani kuti tibwerere chonde musachite naye makani, anthu anasowapo mphiri limenelija.

Wa ku Mchengautuwa:
Koma bwanji osayamba mwayesa miyendo konkuno? Hora ali pa Mzimba pompa, mwala wokhawokha, mukwere Loweruka lina muone ngati mawondo akulola. Tentiyo mukaigwiritse ntchito ku Chelinda ku Nyika, kungoti msewu ukadutsa Rumphi uja Sienta yodzaza anthu anayi ikakhula pansi.

Wa ku Chibavi:
Yewo nonse. Za Hora zandigwira mtima, tipita sabata yamawa. Achemwali a ku Luwinga, nsapato munavala zotani? Ine ndili ndi zothamangira basi ndipo kunsi zinayamba kusalala.