Ma superhero osatchuka amene akuyenera kupatsidwa filimu yawoyawo, inu mungasankhe ndani?

Kamdothi_92:

Abale, dzulo ine ndi mphwanga tinakangana mpaka nsima kuzizira titaoneranso Superman wa 2025 uja. Iye akuti wabwino mufilimu monsemo ndi galu, ine ndikuti ayi ndithu, amene anawala ndi Mister Terrific, munthu woti ambiri tinali tisanamumvepo. Ndipo amene anasewera ndi Edi Gathegi, wobadwira ku Nairobi, yemwe uja anamupanga chipongwe mu X-Men: First Class mu 2011, kumupatsa mphamvu yoti thupi lake limasintha kuti apulumuke china chilichonse kenako nkumupha filimu isanafike ndi patali pomwe kkkk. Mpaka lero zimandiwawa.

Nde zandipangitsa kuganiza. Makolo a Batman tawaona akuphedwa kangati? Uncle Ben wa Spider-Man yekha maliro ake tinalira mokwana. Chonsecho m'makomiki muli anthu mazanamazana amene sanaonekepo pa sikirini. Funso langa ndi ili: atakuitanani mabwana a Marvel kapena DC nkukupatsani mphindi zisanu, mungawauze kuti apange filimu ya ndani? Koma musangotchula mphamvu zake, mutiuze nkhani yake.

Wanga ine ndi Blue Marvel, dzina lake lenileni Adam Brashear. Anamulemba Kevin Grevioux mu 2008 koma nkhani yake inaikidwa kale, zaka za m'ma 1960. Mkuluyu ndi msilikali amene anamenya nkhondo ya ku Korea, komanso katswiri wa physics, mphamvu zake zofika pa mlingo wa Superman. Amavala chigoba chophimba nkhope yonse ndipo America yonse inkamukonda, mpaka tsiku lina akumenyana ndi Anti-Man, yemwe anali mnzake wapamtima, chigoba chija chinasweka anthu nkuona kuti kani ndi munthu wakuda. Mu 1962 President Kennedy anamuitana, kumupatsa mendulo, kenako nkumupempha kuti asiye ntchitoyo chifukwa dziko silinakonzeke. Ndipo iye anavomera! Kuonjezera apo mkazi amene anadzamukwatira anali kazitape wotumidwa ndi boma kuti azimuyang'anira. Tandiuzani ngati imeneyo si filimu. Mdani wake wamkulu si chilombo chochokera kumwamba ayi, ndi funso loti munthu woti akanatha kugwetsa White House ndi chala chimodzi anamveranji, ndipo anthu akuda anzake amene ankamenyedwa m'misewu nthawi imeneyo akanamuona bwanji.

Bwande_Wamkulu:

Amwene mwayamba ndi zolemera kkkk, ife timapita kukaonera filimu kuti tiseke. Ndipatseni Booster Gold basi.

Mvetserani nkhani yake. Michael Jon Carter, wa zaka za m'ma 2400, anali wosewera mpira wa ku America wodziwika pa koleji ku Gotham, nde anayamba kubetcha pa magemu ake omwe nkumaluza dala, anamugwira, mpira unathera pomwepo. Ntchito imene anapeza ndi ya ulonda wa usiku ku museum ya ku Metropolis. Usiku uliwonse akuzungulira ndi tochi kumaona zida za ma superhero akale m'magalasi, mapeto ake anangoti ah, bwanji ndingotenga. Anaba mphete youlukira, lamba wotchinga zipolopolo, kuba ndi kaloboti kolondera komweko kotchedwa Skeets, nkukwera makina obwerera m'mbuyo kudzatera nthawi yathu ino. Cholinga chake si kupulumutsa anthu ayi, akufuna kutchuka ndi kulemera, poti kaloboti kaja kali ndi mbiri yonse ya zimene zidzachitike nde amadziwiratu kuti ngozi ichitikira pati, iye nkukafika makamera ali tayale. Amasaina ma contract otsatsa malonda ngati osewera mpira. Dan Jurgens analemba zimenezi mu 1986, Instagram ndi TikTok kulibe, koma munthu ameneyu ndi influencer weniweni.

Chimene chimandigwira mtima ndi cha patsogolo. Anadzakhwima nzeru nkuyamba ntchito yoteteza mbiri ya dziko kuti anthu oyenda m'nthawi asaisokoneze, koma kuti adani asabwerere m'mbuyo kukamupha ali khanda, akuyenera kupitiriza kuoneka ngati chitsiru chokonda ndalama. Munthu amene ankafera kutamandidwa, pano akugwira ntchito yaikulu kuposa onse koma sangauze munthu. James Gunn, mmodzi wa mabwana a mafilimu a DC, analengeza mu January 2023 kuti kudzakhala series yake, ine ndikuti series yachani, ameneyu ndi wa filimu ya maola awiri.

NaPhiri_wa_ku_Leeds:

Ndaona kuti mpaka pano onse ndi azibambo, nde ndibweretse Vixen. Koma ndili naye ndi dandaulo lomwe.

Mari McCabe anaonekera koyamba mu 1981, olemba ake Gerry Conway ndi Bob Oksner. Amayenera kutuluka ndi buku lakelake mu 1978 koma DC inali pa mavuto a ndalama nkudula mabuku ambiri, lake linafera momwemo lisanatuluke. Ali ndi mkanda wotchedwa Tantu Totem, akaugwira amatenga mphamvu ya nyama iliyonse, kaya njovu, kaya kuuluka ngati nkhwazi, kaya kukwawa pakhoma ngati buluzi. Mayi ake anaphedwa ndi opha nyama mozembera, bambo ake anali m'busa ndipo anaphedwa ndi m'bale wawo yemwe, General Maksai, chifukwa cha mkanda womwewo. Mwanayo anathawira ku New York kukakhala model. Nkhani ya kukanganirana chuma cha masiye pabanja, ndani mwa ife sakuidziwa? Filimu yake ingakhale yoti akubwerera kumudzi atakhala kunja zaka zambiri, chilankhulo chikumuthawa, abale akumuyang'ana ngati mlendo koma mkanda wa makolo uli m'khosi mwake. Enafe tili kunja kuno tingalire mu cinema.

Dandaulo langa ndi ili. Dziko lake analipeka nkulitcha Zambesi, dzina lotengera mtsinje wathu womwewu umene Shire amakathiramo. Koma dzina la bambo ake ndi Jiwe, lomwe ndi Chiswahili, mwala. Mkandawo akuti unachokera kwa Anansi, kangaude wa nthano za ku Ghana. Ndiye kuti munthu anangotenga mapu a Africa nkumatola apa ndi apo ngati akugula pa kaunjika. Kwathu wochenjera wa m'nthano ndi Kalulu, kangaude sitimudziwa. Atati apange filimuyi asankhe malo amodzi enieni, alembe anthu akomweko ntchito yolemba. Sizosatheka, Malenga Mulendema wa ku Zambia anapanga Supa Team 4 pa Netflix mu 2023, atsikana anayi ma superhero mu Lusaka, ndipo mwana wanga amaionera mobwereza mpaka ndinaloweza nawo.

Accountant_Wotopa:

Maloto abwino onsewa koma tiyeni tikambe za ndalama, poti mabwana amene mukufuna kukawanyengererawo ndi zimene amamva.

Aliyense amathamangira kutchula Guardians of the Galaxy, eti mu 2014 palibe ankadziwa mtengo woyankhula ndi kanyama konyamula mfuti koma inapanga ndalama zoposa 770 million dollars. Zoona. Koma nthawi imeneyo chilichonse cholembedwa Marvel anthu ankangogula tikiti osafunsa. Pano zinasintha. Blue Beetle mu 2023 inathera cha m'ma 130 million. The Marvels chaka chomwecho inangopitirira pang'ono 200 million, yosakwana ndi ndalama zimene anaipangira. Sony inayesa Morbius, Madame Web, Kraven, zonse zinagwa chagada. Static, amene ambiri timamudziwa chifukwa cha katuni ya Static Shock, analengeza mu 2020 kuti Michael B. Jordan akhala producer, mpaka lero filimu sitinaione.

Vuto la Blue Marvel wanuyo achimwene ndi loti munthu wouluka wophulitsa mapiri amafuna CGI, zithunzi zopanga pa kompyuta, ya ndalama zoopsa, nde studio ikaika 200 million imayamba mantha, imachotsa za Kennedy zija kuti asakwiyitse aliyense, mumatsala ndi kuwala kwa buluu kumwamba ndi nyumba zikugwa. Njira ndi ya Blade. Mu 1998 Wesley Snipes anatenga munthu woti ngakhale owerenga makomiki sankamulabadira, bajeti cha m'ma 45 million, filimu nkubweretsa pafupifupi katatu. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake Shaquille O'Neal anali atayesa Steel, aliyense amene anaiona amadziwa mmene zinathera.

Nde wanga ndi The Question. Vic Sage, mtolankhani wa mu mzinda wovunda ndi katangale wotchedwa Hub City, alibe mphamvu iliyonse, amangovala chigoba chooneka ngati khungu chimene chimafufuta nkhope yonse, maso mphuno pakamwa osaoneka, jekete lalitali ndi chipewa basi. Steve Ditko, yemwe anajambula Spider-Man, ndi amene anamupanga mu 1967, ndipo Rorschach wa mu Watchmen anatengera kwa iyeyu. Filimu imeneyi imafuna mvula, misewu yamdima ndi wolemba wabwino, palibe chophulika.

Malume_Joe:

Ana inu mwaiwala buku labwino kuposa onsewa. Ine makomiki ndinayamba kuwerenga ndili ku sekondale, tinkagula kwa bambo wina amene ankayala mabuku akale pansi pafupi ndi depoti, pakati pa mabuku a biology ndi magazini a mafashoni. Ambiri ankakhala opanda chikuto, ena masamba apakati atathothoka, nde nkhani umaiyamba pakati nkuimaliza wekha m'mutu. Tsiku lina ndinatola lina lonyowa ngodya, nditatsegula ndinaona mtsikana wakuda wavala zouluka nazo akukalipira chimunthu chachikulu chovala chinsalu chobiriwira kumsana. Linali la Icon, la kampani ya Milestone imene anayambitsa akuda okhaokha mu 1993, Dwayne McDuffie ndi anzake Denys Cowan, Michael Davis ndi Derek Dingle. Static wanuyo anachokera komweko.

Nkhani yake imayamba ngati ya Superman koma imakhota msanga. Chombo cha mlendo wochokera ku dziko lina la kumwamba chinagwa mu 1839 m'munda wa thonje kummwera kwa America. Amene anachipeza ndi mayi wina kapolo, dzina lake Miriam, ndipo makina a chombocho anasintha mlendoyo kukhala khanda lofanana ndi munthu woyamba kumukhudza. Nde anakula ngati kapolo. Sakalamba, waona ukapolo, waona nkhondo, zaka zoposa 150 akungobisala nkumanamizira kuti ndi mwana wa iye mwini, pano ndi Augustus Freeman IV, loya wolemera wokhala ku mayadi, wa maganizo oti aliyense adzithandize yekha osamadandaula.

Usiku wina achinyamata a ku ghetto anathyola nyumba yake kuti abe, mmodzi mwa iwo Raquel Ervin, wa zaka 15, wofuna kudzakhala wolemba mabuku. Anamuona bamboyo akuuluka. Mmalo mothawiratu anabwereranso kukamuuza maso ndi maso kuti inu mumatiuza kuti tidzikweze tokha chonsecho inuyo mumauluka, nanga mphamvuzo mukupanga nazo chani. Ndi mtsikanayo amene anapeka zoti akhale Icon, iye nkukhala Rocket ndi lamba wochokera mu chombo chija. Sipanapite nthawi anazindikira kuti ndi woyembekezera, ndipo bukulo silinathawe nkhaniyo, anaganiza, analira, anasankha kulera mwanayo.

A Accountant, iyi ndi filimu ya anthu awiri akukangana m'galimoto ndi pa khonde, nkhalamba yosunga mwambo ndi mtsikana wa pakamwa, kuulukako ndi ndiwo chabe. Ndipo aifotokoze Rocket, osati Icon, monga mmene zinalili m'bukumo. McDuffie anamwalira mu 2011 asanaione pa sikirini yaikulu.

Gologolo265:

Squirrel Girl. Mu 1991, buku lake loyamba lenileni, ali ndi zaka 14, anagonjetsa Doctor Doom pomutumizira agologolo. Pambuyo pake anamenyanso Thanos. Avengers zinawatengera mafilimu awiri ndi maliro kuti amugonjetse Thanos yemweyo. Ndilibe zambiri zonena.

Kamdothi_92:

Kkkkk a Gologolo ndinadziwa kuti mubwera ndi zimenezi, dzina lomwe likuchitira umboni.

A Accountant pa za bajeti mwandigwira, sindikana. Koma Blue Marvel sakufunika kumenyana kasanu, kamodzi kokha chigoba chisweke, kwinako ndi ofesi ya Kennedy ndi patebulo la chakudya kunyumba mkazi wake akumudyetsa uku akulemba malipoti. Koma ndivomere kuti Malume andisokoneza mutu, za Icon ndinali ndisanazimvepo ndipo pano ndikuona ngati awiriwa akufunsa funso limodzi lomwelo, kungoti Icon ali ndi womufunsa pamaso. Sisi a ku Leeds, za kangaude zija sindinaziganizepo, pano sinditha kumuonanso Vixen osakumbukira kaunjika.

Malume, buku lonyowa ngodya lija mukadali nalo? Ngati lilipo ndibwera Loweruka, sindibwereka, ndidzawerengera pakhonde panu pomwepo.

Malume_Joe:

Linadyedwa ndi chiswe mu 2004 pamodzi ndi satifiketi yanga ya JCE. Bwerani basi, ndidzakufotokozerani pakamwa, mubweretse shuga.