Mwana wanga sakuyankhula mpaka pano, ndipite naye kuchipatala kapena ndidikire?

Membala wobisa dzina:
Admin chonde ndibiseni dzina. Amayi anzanga ndithandizeni maganizo mutu sukugwira. Mwana wanga wamwamuna sakuyankhula, amangoti aah aah nkumaloza ndi chala, akafuna madzi amandikoka chitenje mpaka pa ndowa. Wa aneba anabadwa mwezi umodzi ndi wangayu koma akutchula kale maina a anthu pa lendi ponse pano. Bambo ake ali ku Joni, ndikawauza amangoti ndimakonda kudandaula, ndalama yomwe amatumizayo siikwana ndiye lendi akwezanso mwezi watha. Apongozi akuti kumtundu kwawo kulibe osayankhula ndiye zachokera kwathu, chonsecho iwowo chibadwire mwanayu sanabwerepo olo ndi sopo yemwe. Ine ndimagulitsa kaunjika, kuchoka 6 koloko kubwera madzulo, amatsala ndi mtsikana wantchito yemwe nayenso ndi nkhani ina, sabata yatha wandiphwanyira flask. Ndipite naye kuchipatala kapena ndidikire kaye? Ndikuopa akandikalipira kuti mwana akudya bwinobwino mwadzatani.

Namwino wa kusikelo:
Pepani mayi. Koma mwanayo ali ndi zaka zingati? Mukamuitana dzina akuyang'ana kwina amatembenuka?

Make ana 5:
MAFONI!! Musavutike kufufuza. Mtsikana wantchitoyo amangomupatsa foni mwana aziwonera makatuni tsiku lonse iye ali pa TikTok. Ine ndalera ana 5 onse anayankhula asanakwane chaka chifukwa ndimakhala nawo NDEKHA. Amayi a masiku ano mumafuna ndalama kuposa ana.

Mayi wa pa Chinsapo:
Ndiye asiye geni adye chani? Mwamva kuti abambo ndalama sakutumiza yokwanira. Musamaweruze anzanu.

Make ana 5:
Ine ndimanena chilungamo, amene zamuwawa ndiye kuti zamukhudza. Ngakhale a WHO amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere zimenezi, wa zaka 2 mpaka 4 isapitirire ola limodzi patsiku. Kafufuzeni.

Bambo wina:
Ana aamuna timachedwa ife. Mng'ono wanga anayamba ali ndi zaka 4 pano ndi kondakitala wa minibasi, kumutseka pakamwa ndi ntchito 😂😂

Anganga a Mphatso:
Muoneni pansi pa lilime mwina ndi lomangika. Kumudzi kwathu kuli agogo amadula kamnofu kameneko ndi lezala, masiku atatu mwana wayamba kubwebweta.

Namwino wa kusikelo:
Chonde chonde zalezalazo ayi. Mwana atha kutaya magazi ambiri kapena kutenga kafumbata, ndipo lilime lomangika silimulepheretsa mwana kudziwa mawu. Ngati mukulikayikira akalione adokotala. Mwana wa chaka amayenera azibwebweta ndi kunena timawu ngati mama, dada. Pa chaka ndi theka timawu tingapo. Pa zaka 2 azilumikiza mawu awiri ngati "mama madzi". Nchifukwa chake ndikufunsa zaka.

Make ana 5:
Anamwino inu mumangodziwa kulalatira anthu pa mzere, lero mwasanduka abwino pa Facebook. Mumulande foni mwanayo basi muona.

Mayi wa ku Machinjiri:
Ndawerenga misozi ili m'maso. Wanga anadwala malungo aakulu aja okomoka nawo ali ndi miyezi 10, atachira anangoti zii. Aliyense amati dikira ayankhula, amuna anga anafika pondithawa kukakwatira kwina ati ndinachita zizimba za geni. Ndinadikira mpaka zaka 5 ndi pomwe anakamuyeza makutu ku Queens nkupeza kuti samva bwino. Pano ali ndi timakina ta m'makutu koma mawu ake ndi ovutabe, anandiuza kuti ndikanabwera msanga zikanakhalako bwino. Mwamunayo mpaka lero sathandiza olo kobiri.

Mtumiki wa Mulungu:
Ndi mzimu wosalankhula umenewo, werengani Maliko 9. Ndipezeni ku inbox.

Mayi wa pa Chinsapo:
Ku inbox kukatani? Pemphererani pompano tonse tinene ame.

Mlongo wa ku UK:
Kuno mwana akakwana zaka 2 amamuunika kakulidwe, wanga anamutumiza kwa speech therapist (katswiri wothandiza ana kuyankhula) atapeza autism, vuto la kakulidwe lomwe limakhudza kuyankhula ndi kucheza ndi anthu. Onani ngati amakuyang'anani m'maso komanso kusewera ndi anzake. Apongozi anga ankati ndamusokoneza pomuyankhula Chichewa ndi Chingerezi koma adokotala anati zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana.

Make ana 5:
Autism ndi matenda a azungu amenewo, ife kale kunalibe. MAFONI.

Mlongo wa ku UK:
Kunali, timangowatcha maina oipa nkuwatsekera m'nyumba.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Foni sindimusiyira ine, mtsikanayo yake ndi yamabatani. Kusikelo ndinasiya atamaliza katemera. Khutu lake limatuluka mafinya nthawi zina koma apongozi anati ndi mkaka unalowa poyamwa. Panopa andiimbiranso akuti ndimutumize kumudzi mwanayo akamukonze, ine ndakana ndiye akauza mwana wawo ku Joni kuti ndine wamwano.

Namwino wa kusikelo:
Mafinyawo si mkaka mayi, ndi matenda a m'khutu ndipo amatha kugonthetsa mwana. Mawa lomwe tengani buku lake la kuchipatala mupite pa health centre, mukanene za mafinya ndi zosayankhulazo, mupemphe akulembereni kokayezetsa makutu. Ku Blantyre ndi ku Queens, ku Lilongwe kuli chipatala cha makutu cha ABC ku Area 47. Musathiremo mafuta kapena mankhwala azitsamba. Muli dera liti? Ndipo zaka za mwana simunanenebe.

Make ana 5:
Nanga TV mulibe m'nyumbamo? Yankhani za TV.