Ndithandizeni kusankha streamer ya nyimbo kuno ku Mchinji

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi ampulifaya komanso masipika awiri omwe ndinawasungira ndalama nthawi yaitali, koma mpaka pano nyimbo ndimazitumiza kuchokera pafoni kudzera pa Bluetooth. Madzulo ndikakhala pabalaza, ng'oma zimamveka ngati zakwiriridwa ndi bulangete. Zimandiwawa mtima.

Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg mwezi wamawa ndipo wavomera kundinyamulira streamer, chipangizo choyimbira nyimbo za pa intaneti chomwe chimalumikizidwa ku ampulifaya. Maso anga ali pa Eversolo DMP-A6 ndi Bluesound Node. Eversolo yandikopa chifukwa mkati mwake mumalowa SSD yosungiramo mafayilo, ndiye nyimbo zanga za FLAC (mafayilo osataya kukoma kwa mawu) zingamalire ngakhale netiweki itavuta, osadya bandulo. Kuno intaneti yathu ndi ya rauta ya simukhadi basi.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi magetsi. Amathimathima, ndipo chaka chatha atabwera mwamphamvu anandiotchera wailesi. Kodi kachipangizo koteteza magetsi ka pasoketi nkokwanira, kapena ndigule UPS, chipangizo cha batire chopereka magetsi akathima?

Amene muli nayo imodzi mwa ma streamer awiriwa, DAC ya mkati (gawo losandutsa nyimbo za digito kukhala mawu opita ku ampulifaya) ikukukwanirani, kapena munachita kuwonjezera ina? Ndiuzeni mlamu asananyamuke.