Ndikupempha malangizo pa kalata yofunsira kugwira nawo ntchito ya GCompris

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndine wophunzira za kompyuta kuno ku Zomba, ndipo ndikukonza kalata yopempha malo mu Google Summer of Code, ndondomeko ya kampani ya Google yopereka mwayi kwa ongoyamba kumene kulemba mapulogalamu a kompyuta, kuti ndigwire nawo ntchito ya GCompris, pulogalamu ya masewero ophunzitsa ana yomwe gulu la KDE, la anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, limaiyang'anira, imenenso aliyense ali ndi ufulu woisintha.

Ganizo langa ndi loonjezeramo bawo. Muli kale oware, masewero ofanana ndi bawo a mizere iwiri ya maenje 6, pamene bawo amene madala amasewera pansi pa mtengo pafupi ndi msika ali ndi mizere inayi ya maenje 8, ndipo malamulo a kudya ndi kutakata ndi ovuta kuwalemba mu QML, chiyankhulo cholembera mapulogalamu chomwe ndangoyamba kuchiphunzira.

Kodi ndiyambe ndakonza kavuto kakang'ono m'pulogalamuyi kuti oyang'anira andidziwe, kapena nditumize kalata yokhayo? Nanga ndiulule kuti magetsi akazima laputopu yanga imangotha ola limodzi, kapena zimenezi zingandichotsere mwayi? Amene munayesapo, chonde ndiuzeninso momwe munagawira ntchito yanu sabata ndi sabata.