Tinapitadi ku Chichiri kuja

Mwezi watha ndinafunsa komwe ndingapite ndi ana kuchokera kuno ku Luchenza. Anaonera filimu ya anthu ofukula zinthu zamakedzana, ndiye sanandipatse mpata, ati akufuna kukaona zenizeni. Ambiri munati tiyesere nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri ku Blantyre. Loweruka tinakwera minibasi m'mamawa ine, mayi a kunyumba ndi ana atatu.

Panja ana anathamangira sitima yakale yoyendera nthunzi, moti kuwachotsapo inali ntchito. Koma chomwe chinandigwira mtima chili mkati. Mwana wanga wamkazi anaima nthawi yaitali pa zida zamiyala, mphuno ili pagalasi, kenako anafunsa chapansipansi: "Ababa, kamwala aka munthu anakasula ndi manja ake?" Ndinamuuza kuti inde, kalekale chitsulo chisanabwere. M'filimu muja amathamangitsana ndi golide, koma apa anaona mwala wamba womwe unkadyetsa banja.

Wamkulu anadandaula kuti sanaone dinosaur. Mafupa a dinosaur yotchedwa Malawisaurus anafukulidwa ku Karonga, ndipo chifanizo cha mafupawo chimaonetsedwa komweko. Kuchokera ku Thyolo ndi ulendo wautali, koma tayamba kusunga kangachepe. Zikomo nonse amene munandiyankha.