Ndithandizeni kupeza nyimbo yakale ya country ya bambo anga

Moni nonse a m'gulu lino.

Ndikufunafuna nyimbo ya country imene bambo anga ankaikonda, koma dzina lake latisowa. Inali pa kaseti imene anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Johannesburg, ndipo tepi yake inadyedwa ndi wailesi kalekale. Tsopano akudwala ndipo amangoing'ung'udza. Akafika pakati amasiya, misozi ili lengelenge, poti amati imawakumbutsa malemu amayi.

Ndasaka pa YouTube osaipeza. Shazam sikuzindikira ndikamaiimba pakamwa. Anyamata oika nyimbo m'mafulashi ku Limbe anandipatsa za Don Williams zambirimbiri, bambo nkumvetsera zonse mpaka kupukusa mutu.

Woimbayo ndi mwamuna wa mawu okhuthala koma ofewa, amaimba mosathamanga, gitala ikulira chapansipansi. Nkhani yake ndi ya munthu wosiyidwa ndi wokondedwa wake. Ine ndikuganizira Jim Reeves, amene anamwalira pa ngozi ya ndege mu 1964 ndipo ankakondedwa kwambiri ku South Africa.

Alipo wodziwa bwino nyimbo zake kuti ndimutumizire mawu a bambo akuing'ung'udza pa WhatsApp? Chonde ndithandizeni.