Kodi n'zotheka kusintha khadi la graphics mu laputopu kuti magemu aziyenda bwino?

Wophunzira_Zomba:

Moni nonse. Ndili ndi laputopu imene ndinagula kwa mnzanga chaka chatha, iyeyo atayigwiritsa kale ntchito zaka zingapo. Ili ndi purosesa ya Intel Core i5-9300H, khadi la graphics la NVIDIA GeForce GTX 1650 la 4 GB, ndiponso RAM ya 8 GB. Pa ntchito za kusukulu siyivuta ngakhale pang'ono, koma ndikatsegula EA Sports FC 24 zinthu zimasintha. Mphindi 10 kapena 15 zoyambirira gemuyi imayenda bwinobwino, kenako fani imayamba kulira kwambiri, pamwamba pa kiyibodi pamatentha moti dzanja silingakhalepo nthawi yaitali, ndipo osewera amayamba kuyenda modukizadukiza, makamaka mpira ukafika pafupi ndi golo pamene pamakhala anthu ambiri.

Sabata yatha ndinapita nayo kwa munthu wina wokonza makompyuta, ndipo anandiuza kuti angathe kuchotsa GTX 1650 n'kuikapo RTX 2060 imene anazula mu laputopu ina yakufa. Mtengo umene ananditchulira ndi pafupifupi theka la ndalama zimene ndinagulira laputopu yonseyi. Ndisanapereke ndalamazo ndati ndifunse kaye kwa inu amene mumazidziwa bwino zinthuzi: kodi ntchito imeneyi ndi yotheka, ndipo ngati siyotheka, pali njira ina yowonjezera mphamvu ya graphics popanda kugula makina atsopano?

MmisiriWaKuLimbe:

Achimwene, ndalamazo musapereke. Mu kompyuta ya patebulo khadi la graphics ndi chinthu chapachokha chimene chimalowetsedwa m'kampata ka PCI Express, ndipo munthu angalizule n'kuikapo lina tsiku lililonse. Mu laputopu ngati yanuyo mulibe khadi lenileni, ngakhale kuti tonse tinazolowera kulitchula choncho. Chimene chilimo ndi chipi yowotchereredwa pa motherboard, bolodi lalikulu la laputopu, ndi timipira tachitsulo mazanamazana tokhala kunsi kwake, ndipo tichipi ta memory yake nato tinawotchereredwa pambali pake, pabolodi lomwelo.

Kuchotsa chipi si nkhani, pakuti aliyense amene ali ndi makina otenthetsera bolodi angaichotse. Nkhani ili pa zimene zimatsatira. GTX 1650 imagwiritsa ntchito chipi yotchedwa TU117, pamene RTX 2060 imagwiritsa ntchito TU106, imene kukula kwake kumaposa kuwirikiza kawiri, ndipo timipira take sitingakhale pamalo amene anakonzera inzakeyo. GTX 1650 ili ndi tichipi 4 ta memory pa njira ya 128-bit, pamene RTX 2060 imafuna tichipi 6 pa njira ya 192-bit, choncho pabolodi lanu palibe malo a tiwiri totsalato, ndipo palibenso njira zamkuwa zopita kumeneko. Kenako pali magetsi. GTX 1650 ya mu laputopu imadya mawati pafupifupi 50, koma RTX 2060 imafuna 80 mpaka 90, ndipo tizipangizo togawa magetsi pabolodi, timapaipi tamkuwa tochotsa kutentha, tchaja yanu ndi BIOS (kapulogalamu ka pabolodi kamene kamadzutsa zipangizo laputopu ikamayaka), zonsezi zinakonzedwa molingana ndi chipi yaing'onoyo.

Sindikunena kuti munthuyo akufuna kukuberani, mwina nayenso sanayeserepo. Koma akangotenthetsa bolodi n'kuchotsa chipi yanu, mwayi waukulu ndi wakuti mudzabwerera kunyumba ndi laputopu yosayaka, ndipo ngakhale ntchito za kusukulu zija mudzasowa pochitira.

Mbadwa_ku_Johannesburg:

Zimene anena a MmisiriWaKuLimbe ndi zoona, koma ndiwonjezere pang'ono kuti mudziwe kumene kunachokera mbiri yoti graphics ya laputopu imasinthika, chifukwa si bodza lonse ayi. Mu 2004 kampani ya NVIDIA inayambitsa kakhadi kotchedwa MXM, kamene kamamangidwa ndi masikuluwu ndipo kamazulika. Kankapezeka m'malaputopu akuluakulu olemera, monga a Clevo, Alienware M17x ndi M18x, ena a MSI a gulu la GT, komanso Dell Precision ndi HP ZBook akale. Ngakhale pamenepo ntchito siinali yapafupi, chifukwa munthu ankafunika kupeza khadi logwirizana ndi BIOS, nthawi zina kusema chitsulo choziziritsira kuti chikhale bwino, ndiponso kusintha mafailo a driver, pulogalamu yoyendetsa khadilo, kuti Windows ilandire khadi lachilendolo. Masiku ano MXM yatsala pang'ono kuzimiririka chifukwa opanga malaputopu akufuna makina opyapyala. Amene ayesa kuukitsa maganizo amenewa ndi a Framework, pakuti Laptop 16 yawo ili ndi graphics ya Radeon RX 7700S yokhala m'kabokosi kozulika kumbuyo, koma mtengo wake si wa munthu amene akufuna kungokonza gemu imodzi.

Njira ina ndi eGPU, kutanthauza khadi la kompyuta ya patebulo loikidwa m'bokosi lakunja ngati Razer Core X, n'kulumikizidwa ndi laputopu kudzera pa doko lothamanga kwambiri lotchedwa Thunderbolt 3 kapena 4. Onani kaye m'mbali mwa laputopu yanu. Doko la USB-C lokha silikwanira, pafunika lokhala ndi chizindikiro cha mphezi, ndipo malaputopu ambiri otsika mtengo a GTX 1650 alibe doko limeneli. Ngakhale likhalepo, Thunderbolt 3 imadutsitsa njira 4 zokha za PCI Express pamene khadi la patebulo limakhala m'kampata ka njira 16, motero mphamvu ina imatayika, ndipo imatayika kwambiri ngati chithunzi chikubwerera ku sikirini ya laputopu m'malo mopita ku monitor yakunja. Pali ena amene amalumikiza khadi kudzera pa kampata ka M.2 ka mkati, kamene nthawi zambiri kamakhala ka SSD, koma zimenezi zimafuna kuti chivundikiro chapansi chizikhala chotsegula, mawaya ali pamtunda.

Ine maganizo anga ndi akuti mukawerengera bokosi, khadi, monitor, mtengo wotumizira kuchokera kuno ku Johannesburg kapena ku China, ndi msonkho wa pachipata, ndalamazo zikukwana kumanga kompyuta ya patebulo yabwino ndithu. Komanso bokosi la eGPU lilibe batire, ndiye magetsi akangozima gemu yathera pomwepo.

MayiMphunzitsiICT:

Ine ndikufuna tibwerere ku mawu anu oyamba, chifukwa ndikuona kuti yankho mwalinena nokha osazindikira. Mwati gemu imayenda bwino kwa mphindi 10 kapena 15, kenako n'kuyamba kudukiza. Chipi ikakhala yochepa mphamvu, gemu imavuta kuyambira mphindi yoyamba, siyidikira kuti nthawi ipite. Komanso opanga EA Sports FC 24 anaika GTX 1050 Ti ngati khadi lotsikitsitsa loyendetsera gemuyi, ndipo GTX 1650 yanu ili pamwamba pa limenelo. Chimene chimabwera pakapita nthawi, limodzi ndi kulira kwa fani, ndi kutentha. Purosesa ya i5-9300H ili ndi malire a madigiri 100, ndipo ikayandikira pamenepo imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. M'malaputopu ambiri a mtundu umenewu purosesa ndi chipi ya graphics zimagawana timapaipi tamkuwa tomwetomweto, choncho chimodzi chikatentha chimatenthetsanso chinzake.

Ikani pulogalamu ya HWiNFO kapena MSI Afterburner, sewerani kwa mphindi 20, ndipo muone madigiri ndi liwiro zimene zalembedwa pa nthawi imene gemu yayamba kuvuta. Ngati laputopuyi sinatsegulidwepo chiigulireni mwini wake woyamba, ndikukhulupirira kuti pakati pa fani ndi timasamba tachitsulo totulutsira mpweya mupeza fumbi lolukana ngati thonje, makamaka ndi fumbi lathu la m'chilimwe muno, ndipo thermal paste, phala lopakidwa pakati pa chipi ndi chitsulo choziziritsira, ikhala itauma n'kusweka ngati dothi. Kupukuta fumbilo ndi kupaka paste yatsopano ndi ntchito imene wokonza makompyuta yemwe uja angaichite bwino pa mtengo wochepa. Musamasewerenso laputopu ili pabedi kapena pabulangete, ndipo kumbuyo kwake muziikako kanthu kuti kukwere pang'ono mpweya uzilowa pansi.

Chachiwiri ndi RAM. Tsegulani Task Manager muone ngati 8 GB imeneyo ndi kandodo kamodzi. Ngati ndi choncho, purosesa ikugwiritsa ntchito njira imodzi yokha ya memory, imene pa DDR4-2666 imadutsitsa pafupifupi 21 GB pa sekondi, pamene tindodo tiwiri timafikitsa pafupifupi 42 GB. Opanga gemuyi amalimbikitsa RAM ya 12 GB, ndiye kuwonjezera kandodo kena ka 8 GB kofanana ndi koyambako kukuthandizani mbali ziwiri. Ngati gemu ili pa hard disk yozungulira, isamutsireni pa SSD. Muonetsetsenso kuti tchaja ndi yolumikizidwa posewera, pakuti pa batire laputopu imachepetsa mphamvu ya graphics, ndipo mu Graphics settings ya Windows musankhe kuti gemuyi iziyendera GTX 1650 osati Intel UHD 630, graphics yofooka ya mu purosesa.

Wophunzira_Zomba:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu mayi. Ndaika HWiNFO usiku wathawu ndipo purosesa inafika madigiri 97 patangopita mphindi 12, liwiro lake n'kutsika kwambiri nthawi yomweyo imene osewera anayamba kudukiza. RAM ndi kandodo kamodzi ndithu, ndipo kampata kachiwiri kalibe kanthu. Doko la USB-C lilipo koma lilibe chizindikiro cha mphezi. Loweruka ndipita nayo kuti akaipukute. Funso langa lotsala ndi lakuti, kodi DLSS imene anthu amaitchula ingandithandizenso?

MmisiriWaKuLimbe:

DLSS, njira ya NVIDIA yojambula chithunzi ndi timadontho tochepa kenako n'kuchikulitsa kuti gemu ithamange, imafuna makhadi a RTX, kuyambira gulu la 20 kupita m'tsogolo, ndiye pa GTX 1650 siyigwira. Imene imagwira ndi FSR ya AMD, njira yofanana nayo, m'magemu amene anaikamo. Njira yapafupi ndi kutsitsa chithunzi kuchoka pa 1920×1080 kufika pa 1600×900, zimene zimachotsera chipi pafupifupi 30 peresenti ya timadontho toyenera kujambula, ndipo pa sikirini ya mainchesi 15 kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni. Loweruka mukapita, muwauze achotse kaye waya wa batire pabolodi asanamasule chitsulo choziziritsira, ndipo timapadi tofewa tokhala pa tichipi ta memory asatitaye, pakuti paste siyingalowe m'malo mwake.